Ukonde wa Anita ukununkha nsomba

Lachinayi lapitali Dona Rosa, mnansi wanga kuno m'dera la 25 de Setembro ku Moatize, anabwera ndi kambale kovundikira ndi nsalu. Anati ndi "ndatenda" wake. Nditavundukula ndinapeza tinsomba tokazinga, tating'ono kuposa chikhadabo changa, maso okhaokha. Ena munganene kuti ndi matemba. Ayi, anali ana a pende, nsomba yonga chambo ija, amene sanafike n'komwe podziwa kuti ndi nsomba.

Chimene amandithokozera n'chakuti Lolemba m'mawa ndinanyamula mdzukulu wake Anita pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala. Mwanayo thupi linali moto, khosi lili lendee, agogo ake atamugwirira kumbuyo kwanga. Anamupeza ndi malungo ndipo anamugoneka. Namwino atafunsa ngati mwanayo amagona mu moskiteiro, ukonde wa udzudzu uja analandira ulere, Dona Rosa anayankha kuti inde, akuyang'ana pansi.

Ine ndinadziwa kuti ndi bodza. Ukondewo ndimauona tsiku lililonse uli pampanda, ukuuma padzuwa, mamba atamatirira ndipo ntchentche zili ng'waa. Umagona ku mtsinje wa Revubué, osati pamphasa ya Anita.

Musathamangire kumuweruza mayiyu. Anakulira ku Benga, m'mbali mwa mtsinje, ndipo malemu mwamuna wake anali katswiri woluka mono, msampha wa bango uja wotchera nsomba. Iye mwini amasimba kuti bamboyo poluka ankalowetsa zala ziwiri pakati pa bango ndi bango. Nsomba yokwana kutulukira pamenepo inali isanakhale yake. Mvula yoyamba ikagwa madzi n'kufiira, mono ankaupachika padenga, chifukwa ndi nthawi imene nsomba zimakwera m'timifuleni kukaswana. Panalibe wa boma woimirira ndi chikwapu. Munthu ankangochita manyazi kubwera kumudzi ndi pende wa mazira.

Ndiye kunabwera malasha. Tonse tinavina, inenso ndinavina. Moatize anadzaza anthu ochokera kumene sitinakumveko, aliyense ndi pakamwa pake, aliyense akufuna ndiwo. Magombe ena anatsekedwa ndi mipanda ya migodi, mabanja ena anasamutsidwa kupita kouma, ndipo otsala anaunjikana pa timadooko tochepa. Nsomba zikuluzikulu zinatha. Asodzi anachepetsa maso a maukonde, zapakati nazo zinatha. Anachepetsanso. Mapeto ake ndi awa, tafika pa ukonde umene ngakhale udzudzu sungadutse.

Kodi nsomba imene yagwidwa isanaswe, mwana wake tidzamupeza kuti?

Tikamakamba zimenezi timakonda kuloza amayi amene ali m'madzi mpaka m'chiuno, awiriawiri, akukoka moskiteiro. Koma iwo sadya zonsezo okha. Ndani amagula? Ndi ife, ovala nsapato, amene timaima pamsika n'kumati tinsomba tating'ono ndiye tokoma, timalowerera tomato. Timatsutsanso mtengo, kenaka n'kupita kunyumba tikudandaula kuti mtsinje wathu waonongeka, ngati wauononga ndi munthu wa kudziko lina.

Ena amati bola karapau alipo, nsomba ya m'nyanja yamchere ija imene imabwera youma ndi chisanu m'makatoni. Ambirife nyanjayo sitinaionepo, ndiye timaganiza kuti ilibe malire. Ndinacheza ndi Che Amadu, amene wagulitsa karapau mu shopu yake kuyambira malasha asanatchuke. Anatsegula katoni n'kundionetsa. Anati kale nsomba imodzi inkakwanira anthu awiri, lero mwana amadya ziwiri n'kumayang'anabe m'poto. Sindikudziwa zimene zikuchitika kunyanjako, koma kachepedwe kameneka ndikukadziwa. Ndinakaona ku Revubué. Ngakhale usipa umene umalowera pa chipata cha m'malire cha Zóbuè, taupenyetsetsani mukadzagula, muone ngati ndi womwe uja tinkadya titangobwerako kothawa nkhondo.

Lachitatu ndinapita kukazonda Anita, ndipo panja pa chipatala ndinaganiza zomulangiza Dona Rosa. Ndinayala bwinobwino nzeru zanga zonse, za udzudzu, za mazira a nsomba, za mawa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chifukwa ndi mayi waulemu.

Kenaka anati, "Achimwene, zonsezo ndikuzidziwa kuposa inu. Mwamuna wanga akanaona zimene ndikuchitazi akanandithamangitsa. Koma ndikaupachika ukondewo pamphasa, mwanayo udzudzu sumuluma, inde. Nanga kukacha adya chiyani?"

Zinandiwawa, komanso zinandikwiyitsa. Mayi wa Anita anapita ku Tete kukafuna ntchito ndipo sakumveka. Munda wa ku Benga unapita ndi migodi. Chimene chatsala m'manja mwa gogoyu ndi ukonde umodzi, ndipo tikumuuza kuti asankhe pakati pa malungo ndi njala. Amene amagawa maukonde amawerenga kuti agawa, n'kubwerera. Amene amaletsa usodzi woterewu amalanda ukonde n'kuutentha, n'kubwereranso. Palibe amene amafunsa kuti mayiyu angagwire chiyani china m'miyezi imene mtsinje uyenera kupuma. Malasha amadutsa pakhomo pathu usana wonse pa sitima, koma damu la nsomba ngakhale limodzi loti amayi ngati awa aziweta pende, m'dera lathu lino sindinalione.

Anita anatuluka Lachisanu, wowonda, akuyenda mogwira chitenje cha agogo ake. Namwino, mwina ataona bodza lija, anawapatsa ukonde wina watsopano, woyera, uli m'pepala lake. Nditawatsitsa pakhomo, Dona Rosa anautulutsa n'kuutambasula. Sanayang'ane kudenga kuti aone pomangirira zingwe. Anaukoka ndi manja awiri, uku ndi uku, kuyesa ngati ndi wolimba.

Lisanathe tsikulo mvula yoyamba inagwa. Revubué wafiira, ndipo pende amene watsala akukwera kukaswana.

Kambale kaja ndinakabweza kotsuka. Tinsombato tinadya, ana anga ananyambita zala. Ndiye ndikufunseni inu amene mudzaime pamsika Loweruka likubwerali, kapu ya tinsomba ili m'manja: mukuganiza kuti Anita adzakhala atagona mu chiyani?