Dimba la amayi pa mapu a esiteti

Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ya tiyi ku Honde pamene nkhani ya mapu inabwera. Bwana wathu anati ogula tiyi akunja akufuna kumadzionera okha minda yathu, atsimikize kuti sitikugwetsa nkhalango. Popeza ndinkadziwako kompyuta, anandipatsa ntchito yolemba malire a minda pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kumaziika pa seva, kompyuta ina yakutali imene sindinaionepo ndi maso. Aliyense wodziwa mawu achinsinsi ankatha kutsegula mapuwo pafoni, n'kupima munda uliwonse ali kwawo.

Tsiku lina ndinakulitsa chithunzi cha kumtsinje, ndipo ndinaona dimba la amayi anga. Nthochi, koko amene kuno amati madhumbe, ngakhale kanjira kochokera kukomboni. Amayi analima pamenepo chibwerere iwo ndi bambo m'dziko lino kuchokera ku Mulanje, koma malowo ndi a esiteti, ndipo pepala analibe. Mabwana akale ankangozisiya.

Nditawauza amayi, anasiya kuchapa n'kundiyang'ana.

"Amaona zimenezo ndani?"

"Ogula tiyi okha, amayi."

"Iwe unawaonapo ogulawo? Wogula tiyi nthochi zanga amazifuniranji? Kale aja potilemba kuti ndife obwera, a boma ankanenanso kuti akungowerenga anthu."

Mawa lake ndinafunsa bwana kuti enanso amene ali ndi mawu achinsinsi ndi ndani. Anaseka, nati m'Chishona, "Usatye," kutanthauza kuti usaope, koma sanatchule munthu. Seva imasunga mndandanda wa olowamo, choncho ndinayamba kumauyang'ana m'mawa uliwonse. Panali wina amene sindinkamudziwa, ndipo ankabwerezabwereza kutsegula chigawo cha kumtsinje. Mwina anali munthu wa za madzi, mwina ayi. Pa mapupo ndinapaka dimbalo mtundu wa tchire, n'kulemba kuti tchire. Linali bodza losathandiza, pakuti chithunzi chenichenicho chinali chikadali pansi pake, ndipo tsopano ndinkaopanso kuti bodzalo aliona.

Patapita miyezi, amuna awiri ovala jombo anafika kudimba, mmodzi maso ali pafoni. Sanasochere, sanafunse njira. Anakhoma chikhomo chofiira cha kumtunda, nati akuyeza podzadutsa paipi. Amayi anawalonjera bwino, anawathyolera nthochi zakupsa, osafunsa kanthu. Amunawo atachoka, amayi anandiuza kuti ndikabwereke khasu lina kwa anansi.

Tinakumba ana a nthochi khumi ndi awiri, n'kuwamanga m'matumba. Loweruka amayi anakwera nawo basi ya ku Mandeya, kwa mnzawo wa kutchalitchi amene anali ndi malo ake enieni. Paipiyo sinabwere chaka chimenecho, ngakhale chotsatira, ndipo palibe anatithamangitsa. Koma amayi anasiya kuthira manyowa kudimba kuja, ndipo mwezi uliwonse ankapita ku Mandeya kukapalira.