Mawu a Amayi Anali Kumapeto

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anali ku Joni, akugwira ntchito ya m'nyumba. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ine ndi mlongo wanga Dalitso tinatsala ndi amalume kwathu kwa Zulu, kufupi ndi malire a Zambia. Amayi analibe foni yamakono, koma mnyamata wina wa kwathu konkuno, amene ankakhala nawo moyandikana, ankawajambula mawu Lamulungu lililonse n'kumawalumikiza kumapeto kwa fayilo imodzi yomwe anaiika pa intaneti. Fayiloyo inkangokulirakulira.

Poyamba sizinkavuta. Amalume ankandipatsa foni yawo, ine n'kukwera pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya, pomwe netiweki inkagwira. Koma miyezi itapita, fayilo ija inalemera. Ndinkayamba kukopera kuchokera pachiyambi, kamzere kobiriwira n'kumakwawa pang'onopang'ono, kenaka foni n'kulumphira ku netiweki ya ku Zambia, zonse n'kuduka. Ndikatsegula zomwe zabwera, ndinkamva moni wakale yemweyo, amayi akufunsa ngati tadzala mtedza, chikhalirecho mtedzawo tinali titakumba kale.

Tsiku lina pa wailesi ananena kuti ku Joni alendo akuthamangitsidwa m'nyumba zawo. Amalume anaimbira mnyamata uja, koma foni yake sinkalowa. Chomwe tinaona n'chakuti fayilo yakulanso. Kumapeto kwake kunali mawu atsopano, ine osatha kufikako. Ndinaswera pachulu paja, dzuwa likundiwotcha pakhosi, m'manja muli thukuta lokhalokha. Dalitso anaima pansi akungondiyang'ana kumaso.

M'mawa mwake amalume anandikweza panjinga mpaka ku boma, kwa anti Zainabu, omwe ankakonza mafoni m'sitolo ya bambo awo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa ngati zomwe ndinakopera kale zikadalimo mufoni. Ndinavomera.

"Nanga ukuitanitsiranji zinthu zomwe uli nazo kale?" anatero. "Foniyi ingonena kuti ine ndinalekezera apa, nditumizireni zotsala zokha."

Anaikamo kapulogalamu kamene kankayamba kaona pomwe chidutswa chathu chathera, n'kupempha kuyambira pamenepo. Kamzere kaja kanayambira kutsogolo ndithu. Kali pafupi kufika, netiweki inaduka. Koma kamzereko sikanabwerere m'mbuyo. Kanangoima, kenaka kanapitiriza.

Mawu a amayi anali osasa, ndipo chapatali kunkamveka ana akulira. Anati akugona m'holo ya tchalitchi pamodzi ndi anzawo ambiri, anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, koma palibe anawapweteka, ndipo basi ikapezeka akubwera. Amalume anakhala pansi pakhonde la sitolo, navula chipewa chawo.

Amayi anafikadi mvula isanayambe, ataonda, atanyamula kachikwama kamodzi.

Lero ndimazindikira kuti si netiweki yokha inkandibweza m'mbuyo pachulu paja. Munthu ukagwidwa ndi mantha umaiwala zomwe zili kale m'manja mwako, n'kumaganiza kuti chilichonse chikaduka uyenera kuyambiranso pachiyambi. Patapita zaka, ndinasiya sukulu ndili Folomu 3 chifukwa cha pathupi, ndipo ambiri ankati zanga zathera pomwepo. Mwana atayamba kuyenda, ndinapita kwa ahedi n'kuwauza kalasi yomwe ndinalekezera. Anandilozera chitseko chake, ndipo ndinalowa.