Jombo Yakumanzere ya Amalume

Abambo anga anasoka nsapato zaka makumi atatu ndi zinayi pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mawotchi ndi wodula makiyi. Anthu ankawatcha a Chidendene, ndipo silinali dzina lachikondi. Nsapato akaisoka iwo inkatha chaka osafumuka, koma mwini wake ankachoka pakhondepo makutu akutentha. Ukawapatsa nsapato sankakuyang'ana kumaso. Ankaitembenuza, n'kuyendetsa chala pa soli, kenako n'kuyamba kukuuza mmene umalakwitsira kuyenda.

"Munthu amayamba kuponda ndi chidendene, chakunja pang'ono," ankatero. "Thupi limagudubukira kutsogolo paphazipo, chala chachikulu n'kukankha pansi. Basi. Mwana wa zaka zitatu amazidziwa. Nanga inu achikulire, mukupondera m'kati ngati bakha chifukwa chiyani?"

Ena ankaseka, ambiri sankabweranso. Kunyumba zinali chimodzimodzi. Ine ndinakula ndikumva kuti ndimakhwekhwereza mapazi ngati ndikusesa. Mng'ono wanga ankakalipiridwa chifukwa choyenda manja ali gwa, pamene dzanja lamanja liyenera kutsogola limodzi ndi mwendo wamanzere. Amayi okha ndiwo sanadzudzulidwepo. Abambo ankati anawakwatira chifukwa cha kayendedwe kawo, amayi n'kumayankha kuti akanadziwa akanatsimphina dala tsikulo.

Koma amene ankadana nawo kwenikweni anali amalume, achimwene awo a amayi. Amalume ankaphunzitsa alonda kuguba pakampani ina ya zachitetezo. Anali atali, achifuwa chotukula, ndipo jombo zawo zinkanyezimira moti ukanadziyang'anirapo. Chidanicho chinayamba kale, abambo akufunsira amayi, pamene amalume ananena pagulu kuti mlongo wawo sangakwatiwe ndi munthu wodyera thukuta la m'mapazi mwa anzake. Abambo sanaiwale. Nawonso ankati kuguba si kuyenda, koma kudziphwanya mawondo pofuna kusangalatsa abwana. Zaka zonsezo ankatchulana "alamu" mano atalumana.

Zinafika poipa Loweruka lina masana, ine nditangobereka mwana wanga woyamba. Ndinali kwa makolo, ndipo amalume anabwera kudzaona khandalo. Amayi anali atangokolopa, choncho amalume anavula jombo pakhomo n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera. Posakhalitsa abambo analowa, jombo imodzi ili m'manja.

"Alamu, jombo iyi mwayamba liti kuikhula kutsogoloku?"

"Ikani pansi," anatero amalume. "Sindinakupatseni ntchito."

"Yakumanja yadyeka kuchidendene, ngati ya munthu aliyense. Yakumanzereyi chidendene chidakali chatsopano, koma kumphunoku kwapalika mpaka ulusi kuonekera. Phazi lanu silikudzuka. Mwendo ukamapita kutsogolo zala zimakwera, n'kudutsa pansi mpata wa chala chimodzi chokha. Zanu zikulendewera."

"Ndagubitsa anthu zaka makumi awiri. Lero ndiphunzitsidwe kuyenda ndi wosoka zigamba?"

"Chabwino, aphunzitsi. Tayendani ndi zidendene zokha, zala m'mwamba, kuchokera pomwepo kufika pakhomo."

Amayi anati, "Bambo a mwana, tasiyani zimenezo, mlendo wabwera kudzaona mdzukulu." Koma amalume anali ataimirira kale, maso ali psu. Anaponda chidendene chakumanja, zala zili njo. Ataponda chakumanzere, phazi linangoti phwa pasimenti. Anayesanso. Phwa. Kachitatu anagwira khoma, ndipo ndinaona thukuta pamphumi pawo ngakhale kunali kozizira.

Pamenepo abambo akanangonena kuti pitani kuchipatala, mwina nkhaniyi bwenzi ili ina. Koma anaseka. Anaseka chikhakhali mpaka mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Onani mphunzitsi wa kuguba! Phazi lake lomwe likukana lamulo!"

Amalume anatsomphola jomboyo, anaivala osamanga zingwe, n'kutuluka osatsanzika. Sabata isanathe abale onse anali atamva kuti wosoka nsapato uja wawalodza alamu ake, kuti anagwira jombo n'kunena mawu, phazi n'kufa pomwepo. Azakhali ena anasiya kutipatsa moni. Amayi anapita kawiri kukawachonderera achimwene awo kuti akapimitse mwendowo, koma anabwezedwa pageti.

"Ndikapite kuchipatala kuti mwamuna wako akadzitame kuti ananena ndi iye? Bola ndikwawe," anatero amalume.

Kuntchito amalume anaphunzira kubisa. Ankakweza kwambiri bondo lakumanzere kuti zala zisakhule pansi, ndipo pogubitsa anthu zinkaoneka ngati changu chabe. Anatha choncho miyezi isanu. Kenako linafika tsiku la perete, alonda atsopano akumaliza maphunziro, mabwana atakhala pamipando. Amalume ali kutsogolo, mphuno ya jombo inakola m'mphepete mwa simenti. Anagwa chafufumimba, dzanja kuthyoka, mano awiri kugululuka, pamaso pa anthu amene ankawakalipira m'mawa uliwonse.

Kuchipatala ndi kumene zinadziwika. Dokotala anati mtsempha wopita kumwendo unapanikizika m'munsi mwa msana, ndipo wakhala choncho nthawi yaitali. Akanabwera msanga phazilo likanatha kudzukanso, koma tsopano chiyembekezo chinali chochepa. Amayi anamva zimenezi ndi makutu awo. Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato.

"Mwamva? Akuti anachedwa."

"Ndinawauza," anatero abambo. "Ndinanama pati?"

"Simunawauze, munawagenda. Miyezi isanu munthu akukoka mwendo chifukwa cha chiseko chanu. Zoona zanuzo zachiritsa ndani?"

"Nanga amene anawatseka makutu ndine? Kunyada n'kwawo, msana ndi wawo."

Komabe m'mawa mwake abambo sanalandire nsapato ya munthu aliyense. Masiku atatu anakhala pakhonde paja akudula chikopa ndi mphira wa chubu. Anapanga lamba womanga pamwamba pa akakolo, wokhala ndi mphira wokola pazingwe za nsapato kuti uzikokera zala m'mwamba. Anamuyesa pamwendo wawo, akuyenda uku ndi uku pakhondepo, wokonza mawotchi akuwaseka. Atakhutira anamukulunga m'nyuzipepala n'kupatsa amayi.

Amalume anamubweza okha. Anafika pakhondepo masana, anthu ali piringupiringu, dzanja lili m'chikhakha, n'kuponya lambayo pamulu wa nsapato zakutha.

"Mwandipha mwendo, tsopano mukufuna mundimange ngati mbuzi? Valani nokha kukamwako!"

"Tengani, alamu," anatero abambo osadzutsa mutu. "Mano otsalawo ndi ochepa."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anthu awiriwa analankhulana. Kukampani amalume anawachotsa pabwalo la kuguba n'kuwaika pampando wotsegula geti. Amayi anakakhala kwa amalumewo miyezi iwiri akuwasamalira, ndipo atabwerera anayamba kudyera kukhitchini, abambo pabalaza okha. Abambo sanasinthe ngakhale pang'ono. Anapitiriza kutembenuza nsapato ndi kunyoza eni ake mpaka maso anayamba kuchita khungu, zingano n'kumawabaya zala, ndipo anasiya ntchito mokwiya, akunena kuti anthu a masiku ano ngakhale kuyenda sakudziwa.

Anamwalira chaka chatha, atadwala chifuwa milungu itatu. Anthu pamaliro sanali ambiri. Amalume anafika mochedwa, atagwira ndodo, n'kuima kunja kwa mpanda. Ndinapita kukawalandira ndi kuwapempha kuti alowe.

"Sindilowa m'nyumba imeneyo," anatero.

"Amalume, munthu wapita. Mukangana ndi ndani tsopano?"

Anayang'ana anthu olowa ndi otuluka.

"Bambo ako ntchito ankaidziwa, zimenezo sindikana. Koma usaganize kuti ndabwerera iwo. Ndabwerera mlongo wanga. Kamuuze kuti ndili pano, ndipo undibweretsere mpando."

Ndinawatengera mpando wa kukhitchini, n'kukaitana amayi.