Chibenthu cha kuseri kwa kabati

A Sataya ndi okonza mawotchi. Dzinali anawapatsa ndi akazi awo, ndipo linawakhala ngati chipewa. Msomali wopindika amauwongola. Babu lakupsa amalisunga m'chitini, ati tsiku lina lidzasintha maganizo. Mano awo awiri amene anaguluka ali m'kabokosi ka machesi, ndipo mayi a kunyumba amati akudikira chibwano china.

Nyumba yawo inali yofolera ndi malata a asibesitosi, otuwa aja, olemera ngati simenti. Atayamba kudontha, mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anaitana amisiri kudzafolera achitsulo. Akalewo a Sataya anawasanja bwinobwino kuseri kwa bafa. M'mutu mwawo khola la nkhunda linali litatha kale, ndipo sowo anali atamunola.

Namwino anawapeza sowoyo ali m'manja. Nthawiyo n'kuti ali woyembekezera, ndipo anali atapangana ndi mayi ake kuti akachira adzakhala pakhomopo ndi khanda.

"Ababa, sowoyo ndi wa chiyani?"

"Nkhunda zanga zikugona mumtengo ngati zilibe mwini."

"Mukangocheka lata limodzi, mdzukulu wanu mudzamuonera pafoni. Muno sindimulowetsa mpaka onsewa atachoka."

Mdzukulu woyamba ameneyo! Kabedi anali atamukhomera kale ndi matabwa a chitseko chakale. Sowo anabwerera pamsomali.

Mawa lake namwino anatumiza mayi woyendera zaumoyo wa kukhonsolo. A Sataya anamulandira ndi mafunso ngati wapolisi.

"Mayi, chinthu chandifunditsa zaka makumi atatu, lero chasanduka mfiti?"

"Likakhala lathunthu limagona, agogo. Mukalicheka kapena kuliboola, mwalidzutsa."

A Sataya sakhulupirira chimene sanachione. Anatulutsa kagalasi kawo koonera m'mimba mwa wotchi, kukakanikiza padiso, n'kuwerama pamene lata lina linabenthuka.

"Ndationa! Tindevu toyera ngati ta mphaka."

"Chotsani mphuno pamenepo. Timeneto ndi tatikulutikulu. Toopsato galasi lanu silingatione. Tikalowa m'mapapo sitituluka, ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka makumi awiri kapena atatu."

"Aa, ine ndidzakhala nditapita kale."

"Inu inde. Nanga khandalo?"

Apo a Sataya anakanda pamutu, koma mafunso sanathe. Akawatentha? Sapsa. Akawakwirira m'munda? Sawola, wina adzawafukula ndi khasu. Akawaphwanya n'kuponya m'bini? Lamulo limaletsa, komanso onyamula zinyalala nawo ali ndi mapapo. M'malo moopa, a Sataya anayamba kuwasirira malatawo. Chinthu chosapsa, chosawola, munthu n'kuchitaya?

Madzulo ake anakatenga chibenthu cha lata lobenthuka lija, chachikulu ngati thileyi, n'kuchilowetsa kuseri kwa kabati m'chipinda cha alendo. Choikapo chitsulo chamoto chowotcherera mawaya, basi. Ndani angadziwe?

Lachisanu kunabwera amuna awiri ololedwa kunyamula zinthu zotere, atavala maovolosi ndi zotseka pamphuno. Anawaza madzi pamalata, kuwanyamula limodzilimodzi ngati mazira, kuwakulunga m'pulasitiki wokhuthala kawiri, kumata ndi tepi, n'kulembapo chenjezo. Tsache sanaligwire. Anapukuta pansi ndi nsanza zonyowa, nsanzazo n'kulowanso m'thumba.

"Bwanji osangosesa?" anafunsa a Sataya ali potero.

"Tsache limaulutsa fumbi, madala. Ndiye mwabalalitsa nyumba yonse."

A Sataya anaumirira kukwera nawo lole, ati munthu saperekeza mnzake pakhomo pokha. Anakaona dzenje la mkati mwa mpanda, mitolo ikutsitsidwa osaiponya, dothi n'kubwera pamwamba. Anavula chipewa. Pochoka anapatsidwa chikalata chosonyeza kuti malata atayidwa pamalo ovomerezeka.

Atafika kunyumba anamva phokoso m'chipinda cha alendo. Mayi a kunyumba anali atakankha kabati, chibenthu chija chitagwa pansi n'kuthetheka pakona, iwo tsache lili m'mwamba. Kabedi ka mdzukulu kali pompo.

"Tsache pansi! Mayi, tsache pansi!"

"Mwatani, bambo inu? Mwaona njoka?"

"Tulukani kaye. Musapume kwambiri."

Mayi anayang'ana chibenthu, n'kuyang'ana amuna awo. "Zaka zonsezi ndimati ndinakwatiwa ndi munthu, kani ndi khoswe."

A Sataya anawatulutsa mayiwo m'chipindamo. Anatseka chitseko, n'kuimbira woyendera zaumoyo uja okha, mawu atachepa ngati a mwana woswa kapu. Amuna aja anabweranso ndi madzi awo ndi nsanza zawo. Kabati anaipukuta, kabedi anakapukuta, chibenthu chinapita kwa anzake, chikalata chachiwiri n'kubwera.

Namwino anafika patatha masabata atatu, khanda lili m'manja, koma anaima pakhomo. Anawerenga zikalata zonse ziwiri.

"Chachiwirichi ndi cha chiyani, ababa?"

"Funsa amako. Akhala akufuna womuuza."

Anafunsadi, ndipo anaseka mpaka khanda kudzuka. Kenako analiika m'manja mwa agogo ake.

"Zikalatazi musataye."

A Sataya anamuyang'ana mokhumudwa. "Iwe, unandionapo liti ndikutaya?"