Goloboyi wa Timu ya ku Mvera

Mpaka lero ndikatsegula bokosi la zithunzi zakale, fungo la pepala lachinyezi limandibwezera pakhonde la agogo anga aamuna, a Mateyu, ku Mponela, pomwe utsi wa kukhitchini unkasakanikirana ndi fungo la fodya wouma m'chigafa, ife tikuswa mtedza, oitanira minibasi akukuwa kumsewu. Pa unyamata wawo agogo anali wojambula zithunzi. Ankazungulira mabwalo a mpira a ku Dowa ndi ku Ntchisi pa njinga, kamera ili m'khosi. Ine ndinawadziwa atakalamba, bondo lawo litatupa, koma maso akadali akuthwa.

Ndili mu Sitandade 5 kunabwera a Mwale a ku Lilongwe, munthu wosonkhanitsa zithunzi zakale zamasewera. Anatulutsa chithunzi cha timu ya ku Mvera itanyamula chikho, osewera onse ali opanda nsapato. Kumbuyo kwake kunalembedwa mayina, ndipo iwo ankangofuna kuti agogo asayine kuti n'chenicheni.

Agogo anachitembenuza, n'kuchisisita ndi chala, mpaka kuchinunkhiza.

"Anajambula ndine, koma pepalali si langa," anatero. "Langa linali lochindikala, la manomano m'mbali, ndipo kumbuyo ndinkadinda chidindo. Ichi wina anachita kujambula pa chinzake. Komanso dzina la goloboyiyu n'labodza. Uyu ndi Lufeyo wa ku Ntchisi."

"Aa, madala, amene anandipatsa akuti goloboyiyo ndi bambo awo, ndipo ndi munthu wodziwika," anatero a Mwale. "Papita zaka zambiri. Mwina mwaiwala."

"Mubwerenso Loweruka," agogo anayankha.

Mlendo atangochoka, agogo aakazi anakalipa. "Ndi bondo limenelo mukakwere mapiri chifukwa cha pepala? Mukudziwa n'komwe ngati Lufeyoyo ali moyo?"

"Akakhala kuti anamwalira, ndikaona manda ake," anatero agogo, uku akupopa njinga.

Anakhala paulendo masiku atatu. Mudzi umene ankaudziwa anaupeza utasamuka, ndipo anayenda akufunsa m'minda ndi m'madimba, pa zitunda akukankha njinga. Anabwerera pa ngolo, njinga itagonekedwa pambali, mwendo utatupa mpaka kuphazi. Pafupi nawo panakhala nkhalamba yaitali yovala jekete long'ambika m'zigongono. Anali a Lufeyo.

Loweruka a Mwale atafika, a Lufeyo anatsegula buku lawo la nyimbo za kutchalitchi n'kutulutsamo chithunzi chomwe chija, koma chofiirira, cha manomano, chidindo cha agogo chili kumbuyo. Kenako agogo anawagwira dzanja lamanja n'kuliika pambali pa chithunzicho. Chala chaching'ono chinali chokhota, ndendende ngati cha goloboyi amene anagwira mpira pa chithunzipo.

"Chinathyoka tsiku lomwelo, koma sindinatuluke m'bwalo," anatero a Lufeyo. Anatchula anzawo onse mmodzimmodzi, kuyambira kumanzere, n'kumanena amene anatisiya. Atafika pa iwo eni anafunsa, "Ndiye mumafuna kundichotsa pagolo ndili moyo?"

A Mwale anavula chipewa. Anatenga cholembera, n'kufufuta dzina lija, n'kupempha a Lufeyo kuti alembe lawo okha. Analemba pang'onopang'ono. Apo m'pamene agogo anasayina, atalemba kaye kuti chithunzi cha a Mwale n'chojambulidwa pa chinzake. Njinga sanakwerenso mpaka imfa yawo.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ku Lilongwe ndi yosanja zithunzi zakale za anthu ozisonkhanitsa: zenizeni pazokha, zotsukidwanso pambuyo pazokha, zokopera pazokha. Ambiri amati ndimachedwa. Patebulo panga pali chithunzi cha atsikana a mpira wamanja a ku Chezi, ndipo wachitatu kuchokera kumanzere alibe dzina. Mwini chithunzicho waimba kale foni kawiri kuti ndingolemba "wosadziwika". Ndamuuza adikire. Mawa m'mawa ndikwera minibasi ya ku Chezi.