Mwendo wa Aphunzitsi

Ankamutcha Bulauni, osati chifukwa cha khungu koma chifukwa cha lamba. Lamba wabulauni anamumanga m'chiuno zaka khumi ndi zinayi, mpaka dzina limene makolo anamupatsa linatsala pa chiphaso chokha. Masana ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Akaweruka ankalunjika ku holo ya khonsolo, kuseri kwa msika, kumene anthu makumi awiri ankasewera karate pa simenti, opanda nsapato.

Holoyo inamudyera zambiri: mano awiri akutsogolo, chala chimene sichinawongokenso, ndi ukwati wa mlongo wake umene anaufika anthu akutsuka mbale. Ana ake anakula akudziwa kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu bambo kulibe.

Aphunzitsi awo anali munthu wamfupi, wouma pakamwa. Njira yawo yophunzitsira inali imodzi basi: iwo kutsogolo, ophunzira kumbuyo, aliyense kutsanzira zimene waona. Kufunsa unali mwano, ndipo wofunsa ankazungulira holo chokwawa ndi zibakera. Za lamba wakuda ankangoti, "Ukapsa ndidzakuuza." Palibe anapsa.

Tsiku lina Aphunzitsi anagwa kubafa, mbali imodzi nkufa ziwalo, mawu nkuthawa. Patangotha milungu itatu kunabwera kalata. Khonsolo, imene kwa zaka makumi awiri inalephera kubwezeretsa galasi limodzi la windo, inali itakumbukira chitetezo cha anthu. Gulu lililonse la masewera omenyana, inatero kalatayo, likhale ndi mphunzitsi wa lamba wakuda, wa satifiketi yodindidwa ndi Bungwe la masewerawo. Apo ayi, makiyi abwezedwe pakutha pa mwezi.

Bulauni, monga wamkulu wa otsalawo, anapita nayo kwa kalaliki wa khonsolo.

"Bwana, ine ndasewera zaka makumi awiri ndi zisanu."

"Pepala lilipo?"

"Taonani manja angawa."

"Achimwene, manja sindingawaike m'fayilo."

Choncho analembetsa mayeso a Bungwe. Mkazi wake anasita yunifomu yoyera ija uku akung'ung'udza.

"Ndi imvi zanuzo mukaima pa mzere ndi ana a sukulu? Mukathyoka musanditumizire uthenga, bambo a ana. Mukadziwotcherere nokha."

Mayeso anachitikira mu holo ya sukulu ina, Loweruka m'mawa. Oyesa anali atatu, atakhala kuseri kwa tebulo la nsalu yobiriwira, aliyense ndi botolo la madzi ndi cholembera. Wapakati lamba wake wakuda ankaoneka mfundo yokha. Kwinako mimba inali itabisa.

Pomenyana panalibe nkhani. Anamupatsa mnyamata woti akanatha kumubereka, ndipo Bulauni anamukhazika pansi kawiri, mwaulemu. Panatsala kata, mndandanda wa masitepe ndi nkhonya umene munthu amasewera yekha ngati akumenyana ndi adani osaoneka. Kata imeneyi Bulauni ankaidziwa kuposa njira ya kwawo. Anaisewera yonse osaphonya mpweya, nawerama.

Oyesa anayang'anana.

"Akulu," anatero wamimba uja, "mwendowo unavulala liti?"

"Sunavulalepo, bwana."

"Nanga mukamatembenukira kumanzere, phazilo mukulikokeranji pansi? Phewa nalo mukuligwetsa."

"Ndi mmene kata imayendera, bwana."

Woyesa wachinyamata anabisa kuseka m'botolo la madzi. Wachitatu, mkulu wa dazi amene anali asanalankhule, anafunsa amene anamuphunzitsa. Atamva dzina anaika cholembera pansi.

"Aja? Tinkasewera limodzi kalekale. Anagundidwa ndi njinga yamoto asanayambe kuphunzitsa, m'chiuno muja muli chitsulo. Poyenda sungadziwe, koma kumanzere chiunocho chimakana. Kodi sanakuuzeni?"

Apa zonse zinamubwerera Bulauni. Anakumbukira madzulo onse amene anatsalira yekha mu holo kukonza kakokedwe ka phazi kameneko, kuti kafanane ndendende. Anakumbukira ana a eni amene iye mwini anawakwapula m'miyendo chifukwa chonyamula phazi. Holo yonse, mibadwo itatu ya ophunzira, inkatsimphina mwaluso ngozi ya munthu mmodzi.

Wadazi anamumvera chisoni. "Bwerezani, achimwene. Phazilo mulinyamule, basi. Zina zonse zili bwino."

Anabwereza. Pofika potembenuka mutu unati nyamula, phazi linakhwekhwereza pansi. Anapempha kachitatu, thukuta lili chuchuchu. Ana a sukulu amene ankadikira nthawi yawo anasiya kunong'onezana. Holo inali zii, moti aliyense analimva phazilo likukanda matabwa. Thupi limene analiphunzitsa kumvera zaka makumi awiri ndi zisanu linamverabe, koma osati iye.

Anamupatsa pepala lodinda bwino: walephera, ayesenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mwezi wa khonsolo unali utatsala ndi masiku asanu ndi anayi.

Mawa lake anapita kukaona Aphunzitsi. Anawapeza pakhonde, pa mpando, mwana wawo wamkazi akuwapukuta dovu. Diso lawo lamoyo linamuyang'ana. Bulauni anabwera ndi funso, ndipo analisenza njira yonse: kodi nchifukwa chake simunatumizepo munthu ku mayeso? Linafika pakhosi nkubwerera.

"Akuti ndidzapitenso, Aphunzitsi."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'ono natembenuzira nkhope kukhoma. Mwanayo anati, "Atopa, malume. Mudzabwere tsiku lina."

Pa tsiku lomaliza la mwezi kalaliki anabwera yekha kudzalandira makiyi, atanyamula fomu ya masamba atatu. Holoyo, anatero, khonsolo isungiramo mipando yake yothyoka, poyembekeza komiti yoona za mipando. Anawerenga mababu, nagwedeza zitseko, nalemba. Kenaka anaima pakati pa holo nayang'ana pansi. Pa simenti panali mizere yokhota yonyezimira, makumi awiri, m'mizere inayi yolongosoka, yonse yokhotera kumanzere.

"Apa munkakokapo chiyani, achimwene?"

"Palibe, bwana."

"Palibe sichilembedwa. Pafomu pali malo ofuna chifukwa."

Kalaliki anaganiza pang'ono, cholembera chili pakamwa, nalemba mwa zilembo zikuluzikulu: simenti yaperepeseka chifukwa chokoka katundu wolemera.

"Mukuvomereza?"

Bulauni anawerenga kawiri. Anatenga cholembera ndi chala chake chokhota chija nasaina.