Chidindo cha Mkate wa Mahfuzi

Mahfuzi ndinakula naye khomo loyang'anizana, ndipo sindibisa, munthuyo anali wouma mutu ngati bulu. Ntchito yake inali uvuni wa m'dera lathu muno mu Bagidadi. Amayi ankakanda ufa kwawo, aliyense n'kudinda chizindikiro cha banja lake pamkate kuti usasokonezeke ndi wa ena, iye n'kuotcha. Za mafumu sankazilabadira, koma zidindo za makomo onse ankazidziwa pamtima.

Ankhondo a Amongolo atalowa mumzinda, ufumu umene tinkati udzakhalapo mpaka tsiku lachiweruzo unagwa tikuona. Khalifa, mfumu yathu, anapita, asilikali ake anapita, nyumba zachifumu zinasanduka phulusa. Mkazi wa Mahfuzi anafera m'chipwirikiticho. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Zumurudi, anali atakwatiwa tsidya la mtsinje wa Tigirisi, ndipo panalibe wodziwa ngati ali moyo.

Ife tidakakumba manda, iye anayamba kuchotsa zibuma pauvuni.

"Abu Zumurudi, ukufuna kuotchera yani?" ndinamufunsa, kumutchula ndi dzina la mwana wake monga mwa mwambo wathu. "Makoswe?"

"Makoswe ali ndi ulemu kuposa iwe. Gwira uko tinyamule."

Ndinagwira, nanga ndikanatani. Anapeza kaufa ka balere, anakanda yekha ndi manja ake okhakhalawo, ndipo pamkate uliwonse anadinda chidindo cha malemu mkazi wake: zala ziwiri ndi kamzere. Aliyense wotuluka mumzinda, wangalawa kaya wangamila, ankamupatsa umodzi.

"Usadye, m'bale wanga. Ukafika kumene kuli othawa nkhondo, ukauike poonekera."

Ena ankavomera bwinobwino, n'kuutafuna asanadutse ndi pamlatho pomwe. Iye ankaona, m'mawa mwake n'kukandanso.

Olamula atsopano anakhazikika, dzina lina linayamba kutchulidwa pa pemphero la Lachisanu. Anthu obwerera ankalondola utsi wa Mahfuzi, popeza m'dera lonse moto wa mkate unali umenewo basi. Khwalala lathu linadzuka choncho, khomo ndi khomo. Koma ine mtima unkandipweteka ndikamuona akusuzumira nkhope ya mkazi aliyense wobwera ndi mbale. Tsiku lina ndinamuuza kuti avomereze zimene Mulungu walemba.

"Unaliwerenga iwe bukulo?" anatero, osandiyang'ana n'komwe.

M'mawa wina, mikate ili m'moto, panaima mkazi wowonda, mwana ali m'manja. Anamasula kansalu. Munali mkate wouma gwa, wochita nkhungu m'mbali.

"Anadinda uwu ndani?"

Mahfuzi thabwa lotulutsira mikate linamugwa m'manja. "Ndine, mwana wanga."

"Ndinadziwa, ababa. Amayi kamzere ankaika pansi, inu mwaika pamwamba. Zala zakezo ngati padaponda ngamila."

Ndiye mumve. Zaka zonsezo mkazi wake ankamupatsira mkate ataima moyang'anizana naye, ndipo chidindo cha m'nyumba mwake iye ankachiona chozondoka. Katswiri wa zidindo za anthu onse, cha kwawo n'kuchiphonya.

"Wangalawa atauika pamsika ku Wasiti kumene tinathawira," anapitiriza Zumurudi, "ndinadziwa zonse ziwiri nthawi imodzi. Kuti amayi kulibe, chifukwa sakanalola zoterezi. Ndi kuti inu mulipo."

Mahfuzi anakhala pansi m'phulusa momwemo, akuseka misozi ikutsika m'ndevu. Anamulanda mwanayo, mdzukulu amene anali asanamuonepo, n'kumukweza m'mwamba kuti khwalala lonse limuone.

"Iwe wa makoswe uja," anandiitana, "bwera udzaone amene ndimaotchera."

Ndinapita, manyazi ndi chimwemwe zili pamodzi. Amayi anayamba nthungululu, anthu anatuluka m'makomo, ndipo palibe anakumbukira uvuni mpaka utsi wakuda utadzaza khwalala. Mikate ya mabanja onse inapserera tsiku limenelo. Tinaidya yomweyo, yakuda bii, Zumurudi atakhala pakati pathu akuwaonetsa bambo ake pamene kamzere kamakhala.